Womata Mabuku ku Chirunga

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndakhala m'kachipinda ka kuseri
komwe mabuku othyoka msana amadzachirira.
Guluu, ulusi, singano yonga yosokera matumba a chimanga.
Podikira kuti guluu aume ndimawerenga,
ndipo ndi momwe ndinadziwira akazi a ku Mangalande,
akale aja, a madiresi osesa pansi.

Amakhala pazenera.
Pafupifupi onse, pazenera,
nsalu yopeta pamiyendo, khutu lili kumsewu
kudikira mgugu wa kavalo.
Wina mvula yamunyowetsa kamodzi kokha,
wagona masamba makumi anayi thupi likutentha.
Ndinaseka ndekha mpaka mlonda anasuzumira.
Akanaidziwa mvula ya pa Zomba,
yotsika phiri ngati uli nayo ngongole,
yomwe mchemwali wanga Esinta amatsika nayo ku Chawe,
mtolo wa nkhuni pamutu,
n'kufika pamsika, n'kuyamba malonda
chitenje chikudontha.

Kuseka kunandithera pakati pa shelefu.
Amene wayankha bambo ake mokweza mawu
pofika tsamba lomaliza wafa.
Amene wakonda asanafunsiridwe
wapita ndi mtsinje, apo ayi ndi chifuwa.
Wokwiya amutsekera m'chipinda,
kiyi ali m'thumba la mwamuna,
ndipo buku likuti imeneyo ndi misala.

Apo ndinaika singano pansi.
Chipatala cha amisala sichili kutali ndi kuno.
Azakhali anga Abiti Sumani anagonako miyezi isanu ndi iwiri
atakana kutuluka m'nyumba yomwe njerwa zake anaumba okha.
Amuna awo anali asanathe mwezi m'manda.
Achibale anati mutu wazungulira,
malata anagawana Loweruka lomwelo.

Wofatsa yekha ndiye amalandira mphoto:
mwamuna wa minda yambiri,
belu la tchalitchi,
kenaka tsamba loyera.
Za Lolemba lotsatira palibe analemba.

Nanga uyu wakoleza moto m'chipindamu,
wabweretsa tiyi, watola magolovesi pansi?
Amalowa mumzere umodzi, natulukira momwemo,
dzina alibe.
Koma ine ndikumudziwa.
Mayi anga anagwira ntchito kumtunda uko,
m'nyumba za atsamunda zoyang'ana tauni pansi.
Zaka khumi ndi chimodzi ankaitanidwa ndi belu.
Dzina lawo linali Felesiya.
Ndalemba pano kuti likhale penapake.

Mphunzitsi wina, Mayi Kalitera, podzatenga buku lake
anandiuza kuti ena mwa olembawa anali akazi,
ankabisala m'maina a amuna
ngati wousa mvula pakhonde la eni.
Kuyambira tsikulo ndimawerenga mochedwa,
ndimafunafuna pomwe dzanja linanjenjemera,
pomwe mkazi wa pazenera uja
wayang'ana phiri osati msewu.
Ndimapapeza. Pamakhala pang'ono,
mizere iwiri, itatu,
ngati mchere wobisidwa pa nsonga ya chitenje.

Ntchito yanga ina ndi kufufuta
zomwe ophunzira alemba m'mbali mwa masamba.
Dzulo ndinapeza za pensulo, zilembo zopendekeka:
Bwanji osangothawa?
M'munsi mwake wina, chaka china, ndi inki yobiriwira:
Athawire kuti, opanda ndi tambala yomwe?
Ndinagwira labala nthawi yaitali.
Kunja anyani ankathamanga padenga,
mabelu a njinga za kabaza ankalira kumsewu wa ku Matawale.

Sindinafufute.
Ndinasoka msana, ndinamata chikuto,
ndinatsamiritsa njerwa pamwamba kuti liwongoke.
Mawa libwerera pashelefu,
akazi atatu ali m'kati akukangana,
wina wosindikizidwa, awiri olemba pamanja.

Ine ndatseka zenera, ndazimitsa getsi.
Kiyi wa chipinda chino
ali m'thumba langa.